Makirisipi a barbecue a m'chitini akafewa, akanyenyeka kapena akasintha fungo: chochita kuno ku Mzuzu

Dandaulo lomwe limabwerabwera pa makirisipi osanjikizana a m'chitini, aja a mtundu wa Pringles ndi anzake, ndi ili: mwatsegula madzulo ali okukutika bwino, kukacha afewa, zokometsera za barbecue zija zayamba kumata m'zala. Kwa eni magolosale dandaulo limabwera mwina. Kasitomala wabweza chitini akuti theka ndi zinyenyeswa, kapena akuti mukununkha mafuta akale. Katunduyu amachokera kunja ndipo mtengo wake si wamasewera, ndiye kutaya kumawawa. Koma mavutowa si ofanana. Ena amakonzeka m'mphindi 10, ena alibe mankhwala koma kutaya, ndipo chofunika ndi kudziwa kuwasiyanitsa.

Chifukwa chake amakoka madzi msanga

Makirisipi amenewa si mbatatesi yodula mopyapyala n'kukazinga. Amapangidwa ndi ufa wa mbatatesi youmitsa, wosakaniza ndi ufa wa chimanga, ufa wa mpunga, sitachi ya tirigu, mafuta ndi madzi. Pa mlandu wa msonkho womwe unazengedwa ku Britain mu 2008 ndi 2009, zinadziwika kuti mu Pringles mbatatesi ndi pafupifupi magawo 42 pa 100 aliwonse. Ufawo akaukanda, makina amaupapatiza, kuudula mofanana, n'kuukazinga kwa masekondi ochepa uli pa zikombole zopindika. N'chifukwa chake onse amatuluka ofanana ndipo amagonerana. Akamatuluka m'mafuta amakhala atatsala ndi madzi ochepa kwambiri, osapitirira magawo 2 kapena 3 pa 100. Kukukutika kuja kumachokera pa kuumako. Sitachi youma chotere imasweka mukailuma, koma ikangomwa madzi pang'ono imayamba kupindika m'malo mosweka.

Makirisipi amayamba kufewa akakhalitsa mu mpweya womwe chinyezi chake chapitirira 40 kapena 50 peresenti. Kuno ku Mzuzu m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo ngakhale Meyi, chinyezi nthawi zambiri chimapitirira 80 peresenti, makamaka usiku ndi m'mamawa. Juni ndi Julayi nawo sapereka mpumulo, chifukwa mwera umabweretsa chifunga ndi mvula yowaza ija, ndipo nyumba zimakhala zotseka, zovala zikuumira m'kati. Nyengo yokhayo yomwe makirisipi otsegula amapirira masiku angapo osasamalidwa ndi chilimwe, cha mu Seputembala mpaka mvula isanagwe.

A barbecue amafewa msanga kuposa a mchere okha, ndipo chifukwa chake chili pa mndandanda wa zosakaniza. Kukoma kwa kanyenya kuja amakupanga ndi shuga, mchere, ufa wa tomato, ufa wa anyezi ndi adyo, paprika, fungo la utsi, ndi zina monga maltodextrin, ufa wopangidwa kuchokera ku sitachi. Shuga ndi ufa wa tomato zimakoka madzi mu mpweya monga umachitira mchere wa patebulo m'dzinja. Zikanyowa zimamata, kenako chinyonthocho chimalowerera m'kirisipi momwe. Mukaona kuti ufa wofiira uja wayamba kuundana timibulu kapena wada, dziwani kuti madzi alowa kale ngakhale makirisipiwo akukukutikabe.

Chitinicho anachikonza Fredric Baur wa kampani ya Procter & Gamble m'zaka za m'ma 1960 pofuna kuthana ndi mavuto awiri omwewa, kusweka ndi kufewa. Chimagwiradi ntchito, koma pokhapokha kapepala konyezimira ka pakamwa kaja kasanamatulidwe. Chitetezo chenicheni ndi kapepalako pamodzi ndi chonyezimira cha m'kati mwa khoma la chitini. Chivindikiro cha pulasitiki chimatchinga fumbi ndi ntchentche, koma mpweya umadutsa m'mphepete mwake usiku wonse.

Musanalipire, kapena musanatsegule

Yambani ndi kapepala ka pakamwa. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mafakitale a Pringles monga a ku Mechelen ku Belgium, Kutno ku Poland ndi Johor ku Malaysia ali kumalo otsika. Kuno mpweya wakunja umapanikiza mocheperapo ndi magawo pafupifupi 14 pa 100 poyerekeza ndi kunyanja yamchere. Choncho chitini chomatidwa bwino chikakwera kuno, mpweya wa m'kati umakankha kapepala kaja, n'kukatukumula. Anthu ambiri akaona kutukumukako amachita mantha, amasankha chitini chomwe kapepala kake kali fulati. Apa amalakwitsa. Pa chitini cha nsomba kapena nyama kutupa ndi chizindikiro choopsa, chifukwa tizilombo ta m'zakudya zonyowa timatulutsa mpweya. M'makirisipi ouma tizilombo totere sitingaswane. Kutukumuka kuno kumasonyeza kuti chitini sichikutuluka mpweya.

Chotsani chivindikiro, dinikizani kapepalako pang'ono ndi chala. Kakabwerera, zili bwino. Kakalowa m'kati n'kukhala momwemo, kapena mukamva kampweya kakutuluka, pali pobooka. Nunkhizaninso m'mphepete mwake: chitini chomata bwino sichitulutsa fungo la barbecue. M'mawa kozizira kapepalaka kamatsikako pang'ono, ndiye musaweruze ndi maso okha. Katundu wobwera pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe amadutsa ku Chikangawa komwe n'kokwera kuposa Mzuzu, ndipo wochokera ku Songwe amayamba kunyanja ku Karonga n'kukwera phiri la Chiweta. Pomwe panamatidwa mofooka pamatha kutseguka paulendo wotere, ndipo kuboola kwake kumakhala kochepa koti simungakuone.

Kenako pendeketsani chitini pang'onopang'ono pafupi ndi khutu. Makirisipi athunthu amatsetsereka pamodzi, mumamva kugunda kamodzi. Mukamva kuwayawaya kwa tizidutswa tikutsatira pambuyo, ambiri asweka. Osachikhutchumula, chifukwa mukhoza kuswa nokha omwe anali abwino.

Tembenuzani muone kunsi. Dzimbiri pa chitsulo cha pansi, khoma lofewa kapena lotupa cha kumunsi, ndiponso mawanga a madzi zikutanthauza kuti katoni inakhala pa simenti yonyowa kapena inavumbwa. Pamene chitsulo chalumikizana ndi pepala ndi pamalo pofooka kwambiri, ndipo chitini chobwanyuka pamenepo chisiyeni. Tsiku la Best before nthawi zambiri limadindidwa kunsi komweko. Samalani powerenga: katundu wa ku America amayamba ndi mwezi, pamene wa ku Ulaya amayamba ndi tsiku. Chitini chosatsegula chimakhala chabwino kupitirira chaka kuchokera pomwe chinapangidwa, ngati chasungidwa pozizira ndi pouma. Tsikulo likadutsa sikuti asanduka poizoni, koma mafuta amakhala atayamba kuonongeka, ndipo wogulitsa sayenera kuchisiya pa shelefu.

Afewa mutatsegula

Pali maganizo akuti kutsegulatsegula ndiko kumafewetsa makirisipi. Tiyeni tiwerengere. Mpweya wa madigiri 20 ukadzaza ndi chinyezi umanyamula madzi okwana magalamu 17 pa kiyubiki mita imodzi. Chitini chachikulu chimalowa mpweya pafupifupi lita imodzi, kutanthauza madzi osakwana magalamu 0.02 pa kutsegula kumodzi. Kuti magalamu 100 a makirisipi afewe pamafunika madzi magalamu angapo. Choncho kutsegula, kutapa n'kutseka msanga si kumene kumaononga. Chimaononga ndi mpweya wosinthana mosalekeza: chitini chosiyidwa chotsegula ola lonse anthu akucheza, chivindikiro cholowa mpweya usiku wonse, ndi makirisipi okhuthulidwa m'mbale n'kubwezedwa m'chitini atamwa kale chinyezi. Onjezerani manja onyowa ndi thukuta la botolo la chakumwa chozizira, ndi chizolowezi chosunga chitini kukhitchini komwe nsima ndi nyemba zikutulutsa nthunzi.

Zochita zake n'zosavuta, koma zimafuna kuzitsata. Potsegula, matulani kapepala kaja theka lokha, kenako mukabwezere pamalo pake musanavindikire. Pamwamba pake yalani pulasitiki yoyera, youma, yochindikala, monga ya m'paketi ya shuga yotsuka n'kuumitsa bwino, kenako kanikizani chivindikiro mpaka chigwire mbali zonse, n'kumanga mphira kuzungulira pulasitiki yotsalira kunja. Tapani okwanira kudya nthawi imeneyo, n'kutseka musanayambe kudya. Otsala m'mbale asabwerere m'chitini.

Ngati mukudziwa kuti chitini chitenga masiku opitirira awiri m'dzinja, asamutseni. Botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lokhala ndi chotsekera chopota chomwe m'kati mwake muli kamphira, ndilo labwino koposa. Chitini cha mkaka waufa cha chivindikiro chothina chimathandizanso. Vuto lomwe limachitika apa ndi kutsuka botolo n'kuthiramo makirisipi lisanaume. Kadontho kamodzi kobisala m'mizere ya chotsekera kali ndi madzi ochuluka kuposa omwe amalowa mukatsegula chitini kawiri. Liumitseni padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, lizizire, ndiye muthiremo. Mabotolo omwe munali achali kapena pinati amasunga fungo m'kamphira kaja, ndipo mafuta a makirisipi amatenga fungo lililonse. Sungani botolo m'kabati ya pabalaza kapena kuchipinda, kutali ndi khoma lakunja lomwe limachita chinyontho.

Mpunga ndi firiji

Ambiri amaponya mpunga wosaphika m'chitini kuti uyamwe chinyezi. Mpunga wa pamsika, ngakhale Kilombero wouma bwino, uli ndi madzi pafupifupi magawo 13 kapena 14 pa 100, pamene makirisipi ali ndi 2 kapena 3. M'botolo lotseka madzi amachoka mu mpunga kupita m'makirisipi, osati mwinamo. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito mpunga, yambani mwaukazinga pa chiwaya chouma pamoto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, uzizirire m'chotengera chotseka, ndiye mumange masupuni atatu m'kansalu koyera n'kuika pansi pa botolo. Timapaketi ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, toikidwa m'zakudya timachita bwino kuposa mpunga, ndipo tikadzaza madzi mukhoza kutiumitsa mu uvuni pa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Ta m'mabokosi a nsapato ndi ta timibulu tabuluu musatiike m'zakudya. Pakhomo pa ana aang'ono ndi bwino kungotisiya, chifukwa mwana akhoza kutsamwa nato.

Firiji si malo a makirisipi otsegula. Chinthu chozizira chikatuluka mu mpweya wa chinyezi chimachita thukuta, ndipo makirisipi ozizira amamwa thukutalo m'mphindi zochepa. Magetsi akazima maola angapo, m'firiji mumadzaza chinyontho cha madzi osungunuka, ndiye chitini cha pepala chimanyowa kuyambira kunsi. Ngati mwaika kale m'botolo lotseka bwino, litulutseni n'kudikira ola lathunthu kuti lifunde musanatsegule.

Kubwezeretsa kukukutika

Makirisipi ofewa chabe, opanda fungo lachilendo ndi opanda nkhungu, amakonzeka. Cholinga ndi kutulutsa madzi, osati kuwakazinganso, ndiye moto ukhale wochepa. Pa a barbecue izi n'zofunika kawiri, chifukwa shuga ndi paprika zimapserera msanga n'kuyamba kuwawa.

Mu uvuni, tenthetsani kaye mpaka madigiri 120, musapitirire 140. Yalani makirisipi pa thireyi osasanjikiza. Apa mpomwe ambiri amalephera: akawasiya ogonerana, am'kati satulutsa nthunzi ndipo amatuluka ofewa pamene akunja apserera. Apatseni mphindi 5 mpaka 8, chitseko cha uvuni chili chotseguka pang'ono, mutachitchinga ndi mthiko kuti nthunzi izituluka. Akayamba kunyezimira mafuta ndi kumveka fungo, atulutseni.

Pa mbaula, chiwaya chokha chimavuta. Makirisipiwa ndi opindika, amagunda chitsulo ndi nsonga zokha, ndipo nsongazo zimada pakati pasanaume. Njira yabwino ndi ija yophikira chigumu mu poto. Thirani mchenga woyera wouma pansi pa poto wamkulu, wochindikala masentimita 2, muutenthetse kwa mphindi 10 pa makala omwe achita phulusa loyera, monga otsala mutaphika. Ikani mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, yalanimo makirisipi, n'kuvindikira mosiya mpata wa chala chimodzi. Osaika makala pamwamba pa chivindikiro monga muchitira ndi chigumu. Dikirani mphindi 6 mpaka 8, mukusuzumira pakatikati. Ngati dzanja lanu silingathe kukhala m'kamwa mwa poto masekondi 8, moto wachuluka, phulani kaye. Makala osayaka bwino amatulutsa utsi womwe umalowa m'mafuta, ndipo utsi umenewo si wokoma ngati wa barbecue wa kufakitale.

Mu microwave, yalani 15 kapena 20 pa pepala loyamwa mafuta, muwapatse masekondi 20, mutsegule kuti nthunzi ituluke, kenako muziwonjezera masekondi 10 mpaka ataume. Nthawi yonse isapitirire mphindi imodzi. Amayamba kupsa pakati mosaonetsa, ndiye osachokapo.

Mfundo yomwe imasokoneza anthu ndi yakuti makirisipi otentha amakhalabe ofewa. Amauma gwa akamazizira. Munthu amaluma limodzi lili lotentha, n'kuganiza kuti sanaume, n'kuwabwezera pamoto mpaka kupserera. Ayaleni pa sefa kwa mphindi 5 m'chipinda chopanda nthunzi, ndiye mulawe. Akangozizira atsekereni nthawi yomweyo. Mukawatsekera ali ofunda amachita thukuta m'botolo, ndipo mukawaiwala pa sefa theka la ola m'dzinja mwabwerera pomwe munayambira. Kutenthetsaku kuchitike kamodzi kokha, chifukwa kutentha kulikonse kumafulumizitsa kuonongeka kwa mafuta.

Oyenera kutaya

Makirisipi amenewa ali ndi mafuta pafupifupi magalamu 30 pa magalamu 100 aliwonse. Mafutawo akakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala amasintha, ndipo amayamba fungo lopita ku penti kapena ku mafuta okazingira omwe abwerezedwa kambiri. Pakhosi pamatsala kukereketa ndi kuwawa. Pa a barbecue vutoli limabisala, chifukwa utsi ndi paprika zimaphimba fungolo. Njira yodziwira ndi kununkhiza m'chitini mukangomatula kapepala, kenako kupukuta zokometsera pa kirisipi limodzi n'kulawa lokha. Mafuta akaonongeka sabwerera, ndipo kutenthetsa kumangowonjezera. Tayani.

Chimodzimodzi mukaona nkhungu, kaya ndi timadontho toyera, tobiriwira kapena takuda, kapena makirisipi omatana chifukwa chonyowa kwenikweni. Nkhungu simera pa chinthu chouma, ndiye ikaoneka ndiye kuti madzi analowa ambiri ndipo akhalitsa. Musasankhe ooneka abwino m'chitini chomwecho. Chitini chomwe khoswe waboola, kapena momwe mwalowa mphemvu, nachonso chipite kudzala chonse. Nyerere zimabwera chifukwa cha shuga uja. Zikalowa zochepa mukhoza kuyala makirisipi pa thireyi kuti zichoke, kenako n'kuwatenthetsa monga tafotokozera. Pukutani kunja kwa chitini ndi kansalu kouma mukatha kudya, chifukwa ufa wotsalira m'mphepete mwa chivindikiro ndiwo umaziitana. Mankhwala opopera tizilombo asayandikire chitini, pepala limamwa fungo lake.

Kunyenyeka

Kusweka kwambiri kumachitika paulendo. M'chitini mumatsala mpata pamwamba, ndiye galimoto ikamadumpha m'maenje mulu wonse umanyamuka n'kugwera apansi. Pogula katoni, isiyeni momwe anailongedzera kufakitale, zitini zili chilili ndipo zothinana. Katoni yotsegula yomwe mwachotsamo zina idzazeni ndi mapepala kuti zotsala zisagubuduke. Mu minibasi kapena pa lole, katoniyo ikhale pamwamba pa katundu wofewa cha kutsogolo, osati kumbuyo pamwamba pa matayala, ndipo pasakhale thumba la shuga kapena la ufa pamwamba pake. Pa kabaza, wanjinga kapena wa njinga yamoto, yalani chiguduli kapena katoni yopinda pa kaliyala, ndipo mphira isamangidwe mothina mpaka kufinya zitini za m'mphepete. Chitini chimodzi ndi bwino kuchigwira m'manja kusiyana ndi kuchiponya m'chikwama pamodzi ndi mabotolo.

Kusweka kwina kumachitika pakhomo, dzanja likamakakamizidwa kulowa m'chitini chomwe chafika theka. Pendeketsani chitini kuti atsetsereke okha. Kapena pindani pepala loyera m'litali, mulilowetse m'mbali mwa mulu chitini chitagona, n'kukoka pepalalo pang'onopang'ono: amatuluka ali pamzere.

Zinyenyeswa si zotaya ngati fungo lili bwino. Zimakuta bwino nkhuku kapena nsomba yochotsa minga. Pa theka la kilogalamu ya nyama ya nkhuku, sinjani magalamu 100 a zinyenyeswa, konzani dzira limodzi lomenya ndi masupuni atatu a fulawa. Gubuduzani nyama mu fulawa, kenako m'dzira, pomaliza m'zinyenyeswa. Musathire mchere wina. Dulani nyama mopyapyala, yosapitirira sentimita imodzi ndi theka, ndipo mafuta asatenthe kwambiri, cha pa madigiri 160, apo ayi shuga wa kunja ada m'kati musanapse.

Zokometsera zikuchepa, kapena kukoma kwasiyana ndi kwa chitini chapita

Kufakitale zokometsera amawaza kuchokera pamwamba makirisipi akudutsa, choncho mbali imodzi imakhala ndi zambiri kuposa inzake. Yang'anani mbali yofiira kwambiri, imeneyo ndiyo igunde lilime. Paulendo wautali ufa wina umayoyokera pansi, ndiye apamwamba amamveka ozizira pamene apansi achuluka mchere. Chitini chisanatsegulidwe mukhoza kuchigoneka n'kuchigubuduza pang'onopang'ono patebulo kawiri kapena katatu. Zimathandizako pang'ono, osati kwambiri.

Ngati zitini ziwiri za dzina limodzi zikukoma mosiyana, musafulumire kunena kuti china n'chachinyengo. Werengani dziko lomwe chapangidwa. Mafakitale osiyana amagwiritsa ntchito mafuta osiyana, ena a mpendadzuwa, ena a kanjedza, ndipo kasakanizidwe ka barbecue kamasinthidwa malinga ndi msika womwe akupangira. Kuno katundu amalowa kuchokera mbali zingapo, wina kudzera ku South Africa, wina ku Tanzania, ndiye pa shelefu imodzi pamatha kukhala mitundu iwiri. Pa chifukwa chomwechi, amene thupi lawo limadana ndi tirigu kapena mkaka, ndi amene amafuna chizindikiro cha halaal, aziwerenga chitini chilichonse pachokha, osadalira chomwe anawerenga mwezi watha.

Makirisipi omwe mwawatenthetsa amatayako fungo. Mukhoza kuwawonjezera ndi zosakaniza izi: timasupuni ta tiyi tiwiri ta paprika, kamodzi ka shuga wabulauni, kamodzi ka ufa wa anyezi, theka la ufa wa adyo, ndi tsabola wouma wongotsina ndi zala. Sinjani mu kamtondo mpaka zisalale, musefe, chifukwa timibulu tikuluti sitimata. Wazani akangotuluka pamoto mafuta akadali pamwamba. Muyeso umenewu ukukwana chitini chonse cha magalamu 165. Mchere musaonjezere: chitini chotere chili kale ndi mchere pafupifupi magalamu 2, pamene bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku. Ludzu lomwe limabwera mukatha chitini nokha limachokera pamenepo, ndipo kwa odwala BP ndi ana ndi bwino kutapira m'kambale pang'ono, chitini n'kuchibisa.

Kwa eni magolosale ndi maokala

Katunduyu amayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi sopo kapena shuga, ndiye chitini chimatha miyezi pa shelefu, ndipo pomwe mwachiika ndi pomwe pamagamula. Malo awiri omwe amakopa maso ndiwo oipa kwambiri: pawindo pomwe dzuwa limagunda, ndi shelefu yapamwamba yoyandikana ndi malata. Mu Okutobala pansi pa malata opanda siling'i pamatentha kuposa pansi pa sitolo, ndipo mwachiyerekezo mafuta amaonongeka mofulumira kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Chitini chomwe tsiku lake lili kutali chimatha kununkha chifukwa cha malo okha. Ngati mukufuna choonetsa pawindo, ikanipo chitini chopanda kanthu, zodzaza zikhale pa shelefu yapakati, pamthunzi.

Makatoni asagunde simenti kapena khoma. Ikani matabwa okweza masentimita 10 mpaka 15, ndipo siyani mpata wa chikhatho kukhoma, makamaka m'madera otsika a madambo monga mbali zina za Chibavi ndi Chiputula komwe pansi pamatulutsa chinyontho m'dzinja. Sopo waufa, parafini, mankhwala a udzudzu ndi usipa zikhale mbali ina ya sitolo. Pokolopa, madzi asathovukire zitini za shelefu yapansi, ndipo pochotsa fumbi gwiritsani ntchito nsalu youma. Katundu watsopano azipita kumbuyo, wakale kutsogolo, ndipo lembani tsiku lothera ndi cholembera chachikulu pa katoni kuti wantchito asavutike kufufuza.

Pooda, tsegulani katoni pomwepo, muyese zitini zitatu, za m'makona ndi chapakati, ndi mayeso aja a kapepala, khutu ndi kunsi. Yang'anitsitsani tsiku: inki yofufutika, kapena kasitika komata pamwamba pa tsiku lodindidwa, ndi chifukwa chokwanira kukana katoni yonse. Sungani lisiti. Katundu wotha nthawi kapena wosinthidwa tsiku mukhoza kukamunena ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo chitini chenichenicho ndi lisiti ndiwo umboni wanu.

Ena amatsegula chitini chachikulu n'kumanga asanu asanu m'timapepala ta pulasitiki kuti ana a sukulu akwanitse kugula. Malonda ake amamveka, koma pulasitiki yopyapyala imadutsa chinyezi ndi mpweya, ndipo m'dzinja makirisipiwo safika mawa lake ali okukutika. Wogula saonanso tsiku lothera kapena zosakaniza, ndipo manja omanga aja amawonjezera chiopsezo. Ngati makasitomala anu ndi a ndalama zochepa, odani tizitini ting'onoting'ono ta magalamu 40. Timatha pa kudya kumodzi, mulu wake ndi waufupi kotero susweka kwambiri pa msewu, ndipo simutsala ndi chitini chotsegula pa kauntala chikudikira kasitomala wachiwiri.